Chishalo n'chomwechi, koma msana wasintha

Kavalo akakhala miyezi itatu osakweredwa, kaya anavulala mwendo kaya mwiniwake anangotanganidwa, tsiku lomubwezera pa ntchito ambiri amangosansa fumbi pa chishalo n'kuchimanga. Amati, si chinkamukwana bwinobwino chaka chatha? N'zoona, chishalo sichikula ndipo sichichepa. Chimene chimasintha ndi msana.

M'mbali mwa fupa la msana muli minofu iwiri italiitali, ndipo chishalo chimatsamira pa imeneyi. Kavalo akangokhala, minofuyi imaphwa, pomwe mafuta amachuluka m'nthiti ndi pamimba ngati msipu uli wabwino. Ndiye mumuona ali see, wonenepa, mwiniwake n'kumanyadira, chikhalirecho kuseri kwa mapewa kwachita timaenje. Chishalo chimamira m'timaenjemo, kutsogolo kwake n'kutsika mpaka kukhudza fupa lotukuka lija la pamene khosi limathera. Pakati pa fupalo ndi chishalo payenera kulowa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo muziyeza munthu atakwera kale, osati chishalo chili chokha.

Mankhwala amene aliyense amathamangira ndi kuyala nsalu yokhuthala pansi pake. Nzeruyi ndimaimvetsa, poti tonse tikudziwa mmene nkhata imapeputsira mtolo wa nkhuni pamutu. Ngati chishalo chikukhwepa chifukwa minofu yaphwa, choyala chokhala ndi timatumba toikamo zophatikiza chingathandizedi kwa milungu ingapo. Koma ngati chikuthina, nsalu yokhuthalayo ili ngati masokosi awiri mu nsapato imene ikukulumani kale. Vuto linanso n'lakuti minofu ikayamba kubwerera zophatikizazo ziyenera kuchoka, koma ambiri zikangolowa ndiye kuti zalowa basi.

Palinso mawu amene amamveka kwambiri m'makola: "Wapuma kwambiri uyu, wayamba mwano." Kavalo wopumadi amakhala ndi mphamvu zosefukira, zimenezo sindikana. Koma yang'anitsitsani nthawi imene mwanowo ukuyamba. Ngati amakhala phee pomupesa, kenaka n'kugoneka makutu akangoona chishalo, n'kumafuna kuluma pomanga lamba wa pamimba, n'kubweza msana pansi munthu akamakwera, ameneyo akukuuzani pamene pakupweteka. Mukamuvula chishalo, onani thukuta. Kadera kouma pakati pa msana wonyowa nthawi zambiri kamasonyeza pamene panapanikizika kwambiri. Ubweya woyera wokha umene umamera pamalo otere ndi chipsera cha kale, ndipo nthawi zambiri subwereranso mtundu wake.

Nthawi zina chishalo chilibe mlandu, walakwa ndi wochiika. Ambiri amachikankhira kutsogolo, pa mapewa penipeni, pomwe fupa la phewa limabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse kavalo akatambasula mwendo. Mbali yolimba ya chishalo iyambire zala ziwiri kapena zitatu kuseri kwa fupalo. Kumbuyo isapitirire nthiti yomaliza, ya nambala 18, chifukwa kupitirira apo msana ulibe chouchirikiza.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ine ndi nkhani ya chishalo chimene chimangopendekera mbali imodzi. Aliyense amaloza chala wosoka zishalo kapena wokwera, kuti amakhala mokhota. Mu 2013, Line Greve ndi Sue Dyson a ku Animal Health Trust, pafupi ndi Newmarket ku England, anafalitsa zimene anapeza: akavalo ambiri amene chishalo chinkawapendekera anali ndi ululu m'mwendo wakumbuyo, ndipo mwendowo ataubaya mankhwala ochititsa dzanzi, pafupifupi mwa onse chishalo chinasiya kupendekera. Kwa kavalo amene anapuma chifukwa chovulala, ameneyu ndi uthenga woti muitane dokotala wa ziweto musanawononge ndalama pa chishalo chatsopano.

Ngakhale dokotala atati miyendo ili bwino, musathamangire kugula, poti msana wa mlungu woyamba si umene adzakhale nawo pakatha miyezi iwiri. Tengani waya wofewa, muupinde pa msana kuseri kwa mapewa, mujambule mmene wapindikira pa katoni n'kulemba tsiku. Bwerezani pamalo omwewo milungu iwiri iliyonse. Wokonza zishalo akadzabwera, mudzamuonetse makatoniwo asanayambe kuwonjezera kapena kuchotsa ubweya wa nkhosa umene uli m'kati mwa chishalo.