Kabanzi komwe kamadzutsa anthu a ku Philippines

Chakudya chenicheni cha anthu a m'dziko la Philippines ndi mpunga. Monga momwe Mmalawi amanenera kuti wagona ndi njala akapanda kulawa nsima, nayenso munthu wa ku Manila sawerengera kuti wadya ngati m'mbale simunaoneke mpunga. Koma m'mamawa, mphika wa mpunga usanakhale pamoto, pali kanthu kena komwe kamatulutsa anthu m'nyumba kudakali mdima. Kanthuko ndi kabanzi kotchedwa pandesal.

Kabanzika n'kakang'ono, kosadzadza n'chikhatho chomwe. Kunja kwake amakawaza tinyenyeswa ta buledi wouma, m'kati mwake n'kofewa ngati thonje. Malo ake enieni ogulira si sitolo zikuluzikulu ayi, koma bekale ya m'dera, yomwe eni dziko amaitchula kuti panaderia. M'makwalala a mizinda ngati Manila, Quezon City, Cebu ndi Davao, munthu sayenda mtunda wautali asanaipeze.

Maonekedwe a mabekalewa ndi ofanana pafupifupi paliponse. Kutsogolo kumakhala kabati yagalasi yoyang'ana kumsewu, pamwamba pake nthawi zambiri pali zitsulo zotchinga zokhala ndi kazenera kopatsirana ndalama. Wogula salowa m'kati, amaima panja. Kumbuyo n'komwe kuli uvuni, ndipo kawirikawiri banja la mwini bekaleyo limagona m'nyumba momwemo, kuseri kapena m'chipinda cham'mwamba. Ophika amayamba kukanda ufa usiku anthu ali mtulo, kuti pofika 4 kapena 5 koloko m'bandakucha buledi woyamba akhale atatuluka.

Oyamba kufika ndi anthu omwe tsiku lawo limayamba msanga: oyendetsa maminibasi a kumeneko otchedwa jeepney, a njinga zamoto zonyamula anthu, alonda ndi ena oweruka ntchito ya usiku. Kenako kumabwera amayi achikulire ochokera ku Misa ya m'mawa, poti anthu pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse m'dzikomo ndi Akatolika. Koma gulu lalikulu ndi la ana otumidwa, tulo tili m'maso, ndalama zachitsulo atazifumbata. Anthu ambiri a ku Philippines akamakumbuka ubwana wawo, ulendo wa ku panaderia saulephera kuutchula, pamodzi ndi mlandu wofika kunyumba mabanzi atapelewera chifukwa awiri atsikira kukhosi panjira.

Wogula akafika amakuwa kuti "Pabili po," kutanthauza kuti "ndigule nawo," ndipo kamawu koti "po" ndi kaulemu. Wogulitsa akakhala wamkazi amamutchula kuti Ate, ndiye kuti achemwali, akakhala wamwamuna Kuya, achimwene. Ambiri satchula nambala ya mabanzi, amangotchula ndalama yomwe ali nayo, wogulitsa n'kuwerenga yekha. Ndiye pamabwera funso lomwe limagawa mabanja: mukufuna opsa kwambiri kapena oyera? Opsa kwambiri, ofiirira ndi okhuthala khungu, amatchedwa tostado. Pali anthu omwe amalolera kudikira thireyi ina kusiyana n'kutenga oyera, ndipo wogulitsa wodziwa ntchito amadziwiratu zokonda za aliyense asanatsegule pakamwa.

Mabanziwo amawaika m'kathumba ka pepala lakhaki. Izi zili ndi chifukwa chake. Buledi wotentha amatulutsa nthunzi, ndipo mukamutsekera m'jumbo nthunziyo imasanduka madzi, buledi n'kunyowa. Pepala limapuma. Wogula amanyamula kathumbako pachifuwa kakumuotcha, ndipo kutenthako ndi theka la chomwe walipira. Pandesal wozizira amauma msanga ndipo alibe chikoka. Ichi n'chifukwa chake mabekale ambiri amapachika chikwangwani cholengeza kuti pandesal wawo ndi wotentha, ndipo wodzuka dzuwa litakwera amapeza kabati ya pandesal ili mbee. M'madera ena amayenda naye panjinga yakapalasa, m'bokosi lotsekedwa bwino, akuliza lipenga kuti am'nyumba atuluke.

Kadyedwe kake n'kosavuta. Njira yakale ndi yomunyika m'khofi wotentha. Ena amapaka majarini kapena chiponde, ena amaikamo dzira lokazinga, tchizi kapena nsomba za m'chitini. Osauka amadya wopanda kanthu ndi khofi, n'kupita kuntchito.

Dzinalo lili ndi bodza pang'ono. Linachokera ku mawu a Chisipanishi oti pan de sal, kutanthauza buledi wa mchere, komatu pandesal wa masiku ano amamveka shuga kuposa mchere. Dziko la Spain linalamulira zilumbazi kuyambira mu 1565 mpaka mu 1898, ndipo ndi atsamunda amenewa omwe anabweretsa buledi wa tirigu. Atachoka iwo kunabwera Amereka, ndipo ufa wa tirigu wochokera ku America unayamba kulowa wambiri. Umu ndi momwe buledi anafikira pakhomo pa munthu wamba.

Kale buledi yense ankaphikidwa mu uvuni womangidwa ndi njerwa, wosonkhezera nkhuni, wotchedwa pugon. Lero ambiri anasamukira ku mauvuni a gasi, koma alipo mabekale akale omwe makasitomala amawayendera mtunda chifukwa cha kafungo ka utsi. Mumzinda wa Pasig muli Panaderia Dimas-Alang yomwe inatsegulidwa mu 1919, ndipo dzina lake ndi limodzi mwa maina omwe ngwazi ya dzikolo, Jose Rizal, ankagwiritsa ntchito polemba. Ku Quezon City kuli Kamuning Bakery ya mu 1939, yomwe inapsa ndi moto mu 2018 koma inadzukanso. Mwini wake, Wilson Lee Flores, ndiye anayambitsa mu 2015 mwambo wokumbukira pandesal pa 16 Okotobala, tsiku lomwe bekaleyo imagawa buledi waulere.

Chomwe chimamanga wogula ku bekale imodzi ndi ubale womwe eni dziko amautchula kuti suki. Suki ndi kasitomala wa tsiku ndi tsiku, komanso ndi wogulitsa yemwe munthu amagulako nthawi zonse. Mawuwo amagwira mbali zonse ziwiri. Suki amasungiridwa buledi akachedwa. Nthawi zina amamuponyera kamodzi ka banyira. Zikavuta kumapeto a mwezi, eni bekale ena amamulola kutenga n'kudzalipira mawa. Naye suki ali ndi udindo wake: saoneka akugula kwa mnzake wa patsidya pa msewu.

Koma ubalewu wakhala ukuyesedwa, ndipo dandaulo lalikulu la ogula ndi limodzi: kabanzi kakuchepa.

Gwero la vutoli ndi loti dziko la Philippines, lomwe lili ndi anthu oposa 110 miliyoni, sililima tirigu wogulitsa chifukwa nyengo yake ndi yotentha ndi yachinyezi. Tirigu yense amachokera kunja, ndipo wopangira buledi wambiri amachokera ku America. Chaka chilichonse dzikolo limaitanitsa matani mamiliyoni angapo. Choncho mtengo wa tirigu ukagwedezeka kutsidya la nyanja, kapena ndalama ya dzikolo, peso, ikagwa mphamvu poyerekeza ndi dola, chivomezicho chimafika mpaka pa kazenera ka panaderia. Amalawi nkhani imeneyi akuidziwa, poti nafenso tirigu wathu wambiri ndi woitanitsa.

Chaka cha 2022 chinali chowawa kwambiri. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine, maiko awiri omwe amagulitsa tirigu wochuluka padziko lonse, inakweza mtengo wa ufa. Gasi wophikira anakwera. Shuga naye anasowa m'dzikomo mpaka kilogalamu imodzi inadutsa mapeso 100 m'masitolo. Pofika mu Januwale 2023, kukwera mitengo kwa zinthu kunafika pa 8.7 peresenti, chiwerengero chomwe dzikolo linali lisanachione kuyambira mu 2008.

Apa mwini bekale amakhala pakati pa moto ndi madzi. Kabanzi kogulitsidwa mapeso awiri akakakweza ndi peso imodzi yokha, ndiye kuti wakweza ndi theka lathunthu, ndipo mayi yemwe amabwera ndi mapeso 20 kudzagula mabanzi 10 a ana ake abwerera ndi 6 basi. Mawa mayiyo apita kwina, kapena angophika mpunga. Ndiye ambiri amasankha njira yachete, yosiya mtengo pomwe uli n'kuchepetsa ufa. Mu 2022 atolankhani analemba za bekale ina ya kufupi ndi Manila yomwe inatsitsa kulemera kwa pandesal kuchoka pa magalamu 35 kufika pa 25. Powerengera, wogula mabanzi 10 anataya magalamu 100, omwe ndi pafupifupi mabanzi atatu a kale, ngakhale m'kathumba nambala inali yomweyo.

Ogula si ana. Amaona. Nthabwala yofala ndi yoti pandesal wa masiku ano ndi mpweya wokhawokha, ukamufinya amatha ngati siponji, chifukwa ophika ena amausiya ufa kuti ufufume kwambiri kuti kabanzi kaoneke kakakulu. Kunena zoona, njira imeneyi ili ndi kachinyengo, ngakhale wochitayo ali ndi zifukwa zomveka. Mwana yemwe ankakhuta ndi mabanzi awiri tsopano amafuna atatu, ndipo ndalama yomwe mayi ankaganiza kuti wapulumutsa imatulukabe. Kungoti ambiri amakhululuka, poti wogulitsayo ndi mnansi wawo ndipo akumuona kuti naye sakulemera.

Boma linayesapo kulowererapo. Mu 2010 unduna wa zamalonda unagwirizana ndi mabungwe a ophika buledi kuti pakhale buledi wotsika mtengo wotchedwa Pinoy Tasty, ndipo pambuyo pake panabweranso Pinoy Pandesal, paketi ya mabanzi 10 yolemera magalamu 250. Mtengo wake umalengezedwa ndi undunawo. Zimathandiza ndithu, makamaka kwa ogula m'masitolo akuluakulu. Koma buledi ameneyu amakhala m'pulasitiki, wozizira, ndipo pashelefu palibe Ate woti n'kumupempha tostado.

Mpikisano wina umachokera ku makampani okhala ndi nthambi zambiri. Julie's Bakeshop, yomwe inayamba mu 1981 ku Mandaue m'chigawo cha Cebu ngati bekale imodzi ya mayi Julia Gandionco, inakula mpaka kukhala ndi nthambi mazanamazana. Pan de Manila, ya mu 1999, inatchuka pogulitsa pandesal wamkulupo, wokwera mtengo, kwa anthu apakati. Makampaniwa amagula ufa wambiri pakamodzi, mwayi womwe bekale ya banja ilibe.

Masana kabati yagalasi ija imasintha nkhope. Anthu a ku Philippines ali ndi chizolowezi chodya kakamba cha m'ma 3 koloko, komwe amakatchula kuti merienda, ndipo apa mpomwe ana a sukulu amaunjikana. Pali pan de coco wokhala ndi kokonati wotsekemera m'kati. Pali ensaymada wopakidwa batala, shuga ndi tchizi, yemwe kholo lake ndi buledi wa pachilumba cha Mallorca ku Spain. Pali hopia yemwe anabwera ndi Matchaina. Palinso Spanish bread, yemwe ngakhale ali ndi dzina lotere, ku Spain sakumudziwa. Maina ena ndi a nthabwala za akuluakulu, osayenera kuwamasulira m'nyuzipepala yowerenga banja lonse, komabe agogo amawatchula pakazenera nkhope ili gwa. M'modzi mwa iwo, wofiira m'kati, ali ndi dzina lina laulemu loti kalihim, lochokera ku mawu otanthauza chinsinsi. Chinsinsicho n'choti zofiira za m'katimo amazipanga kuchokera ku buledi wotsala dzulo, wonyikidwa n'kusakaniza ndi mkaka, shuga ndi mtundu wofiira. Aliyense amadziwa, ndipo amagulabe.

Ophika amayesanso zatsopano kuti ogula asathawe. Pali pandesal wosakaniza ndi masamba a mtengo wotchedwa malunggay, womwe si wina ayi koma cham'mwamba yemwe ali mbwee ku Chikwawa ndi Nsanje. Masambawo amawaumitsa kapena kuwadula tizidutswa n'kuwakandira mu ufa, kabanzi n'kutuluka ndi timadontho tobiriwira, ndipo makolo amakakonda poti ana amadya masamba osadziwa. Nzeru yodyetsa ana kudzera m'buledi si yachilendo kumeneko: m'zaka za m'ma 1970 ana a sukulu za pulayimale ankalandira banzi lolimbitsa thupi lotchedwa nutribun, ndi thandizo la dziko la America. Ndipo mu 2020, anthu atatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19, kunabuka pandesal wa mtundu wa pepo wopangidwa ndi chilazi chotchedwa ube, wokhala ndi tchizi m'kati. Ambiri omwe ntchito zinawathera anayamba kumuphika kunyumba n'kumagulitsa kudzera pa Facebook. Ameneyu mtengo wake ndi wokwera kangapo kuposa wamba, ndipo si wa mayi wa mapeso 20 uja.

Anthu mamiliyoni ambiri a ku Philippines amakhala kunja kwa dziko lawo, anamwino, ogwira ntchito m'sitima za panyanja ndi m'nyumba za anthu, ndipo komwe achuluka bekale imawatsatira. Ku Daly City ndi Los Angeles m'chigawo cha California, ku Toronto, ku Dubai, mabekale a pandesal alipo. Kumeneko wogula amalowa m'kati, amalipira ndi khadi, ndipo kabanzi kamakhala kakakulu kuposa ka ku Manila. Ambiri amakhala kutali ndi bekaleyo moti amapitako kamodzi pa sabata, Loweruka kapena Lamulungu akatuluka m'tchalitchi, n'kugula madazeni awiri kapena atatu. Akafika kunyumba amawasunga m'firiji, n'kumatulutsa awiriawiri m'mawa uliwonse kuti atenthetse asanathamangire basi.