Hutala ya njinga yamoto ikasasa mawu, vuto limakhala pati?

Njinga zamoto za kabaza zadzaza m'misewu yathu, ndipo pamalo opanikizana ngati kumsika wa Limbe, hutala ndiyo imachenjeza woyenda pansi nthawi ikadalipo. Ikamalira monong'ona, munthu akhoza kugundidwa. Lero ndikufuna tione mmene mutu wa magetsi uja umathandizira pamenepa.

M'kati mwa hutala muli waya wokulungidwa pa chitsulo. Mukadina batani, current imadutsa, chitsulocho chimasanduka maginito n'kukoka kambale kopyapyala. Kambaleko kakasuntha kamadula circuit, maginito amatha mphamvu, kamabwerera m'malo, circuit n'kulumikizikanso. Izi zimachitika maulendo pafupifupi 400 pa sekondi, ndipo kunjenjemera kumeneko ndiye "piii!" timamva uja.

Nanga imasasa bwanji mawu? Tigwiritse ntchito lamulo limene Georg Ohm anafalitsa mu 1827: V = IR. Tiyerekeze kuti batire ndi ya 12 V ndipo hutala ili ndi resistance ya 6 Ω. Current ikhala 2 A, mphamvu 24 W. Tsopano dzimbiri lagwira polumikizira waya, lawonjezera 2 Ω. Zonse pamodzi ndi 8 Ω, current yatsika kufika pa 1.5 A, hutala ikulandira 9 V basi. Mphamvu yake? 13.5 W. Kadzimbiri kochepa kadya pafupifupi theka!

N'chifukwa chake ndimati musathamangire kugula hutala yatsopano. Yambani ndi fyuzi. Kenako yezani batire ndi multimeter: yodzaza bwino imaonetsa cha m'ma 12.6 V, ikatsika pansi pa 12 V yafooka. Mukatero lumikizani hutala molunjika ku batire ndi mawaya awiri. Ikalira bwino, hutalayo ilibe mlandu. Fufuzani batani, mawaya ndi polumikizira, mupale dzimbiri ndi sandipepa.

Ena amafuna hutala zaphokoso ngati za minibasi, n'kuzimangirira pa mawaya akale omwewo. Apa mpamene pali ngozi. Tinene kuti zatsopanozo zikukoka 8 A. Kutentha kwa waya kumatsata P = I²R, ndiye current ikachuluka kanayi, kutentha kumachuluka ka 16. Waya wowonda uja amatentha, pulasitiki yake ikhoza kusungunuka, batani nalo n'kupsa.

Mankhwala ake ndi relay, yomwe ndi swichi yoyendetsedwa ndi maginito. Mawaya awiri amene ankapita ku hutala yakale amalowa pa nambala 85 ndi 86. Pamenepa pamadutsa current yochepa, yosafika ndi 1 A yomwe. Waya wonenepa amachoka ku positive ya batire, kudzera pa fyuzi yoikidwa pafupi ndi batireyo, kukafika pa 30. Kuchoka pa 87 amapita ku hutala, ndipo mwendo wina wa hutala umabwerera ku negative. Batani langotsala ndi ntchito yolamula, katundu wolemera wasenzedwa ndi relay.

Chonde, musanagwire mawaya masulani kaye negative ya batire, ndipo pakhale mmakaniko kapena wamkulu wodziwa. Fyuzi ikapsa musaikepo kawaya wamba. Fyuziyo imapsa dala kuti njinga isapse.

Ntchito ya kunyumba nayi: dzimbiri lija litafika pa 6 Ω, hutala ya 6 Ω ingalandire ma watt angati? Werengerani, muyerekeze ndi 24 W tinayamba nayo ija.