Timu ya Marshall inabwerera m'bwalo ndi ana okhaokha

Ife a Zambia tikamva za ndeke yogwa ndi anyamata a mpira, mtima umathamangira ku Gabon, pa 27 Epulo 1993. Koma tsoka lotere linagweranso anthu ena ku America mu 1970, ndipo kudzuka kwao kunali kwa pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi kwathu.

Mumzinda wa Huntington, m'cigawo ca West Virginia, muli yunivesite yocedwa Marshall. Mpira wao si wathu uno wa miyendo ai. Ndi uja wooneka ngati dzira, wothamanga nao m'manja, osewera atavala zisoti zolimba n'kumagwetsana pansi. Kumeneko mzinda wonse umaona timu ya koleji ngati ana ake.

Madzulo a pa 14 Novembala 1970 timuyi inali kubwerera kwao itagonja 17-14 kwa East Carolina. Kunali mvula ndi nkhungu. Itatsala pang'ono kutera, ndeke inagunda mitengo paphiri, ndipo anthu onse 75 anafera pomwepo. Mwa iwo munali osewera 37, mphunzitsi wamkulu Rick Tolley, ndi ocemerera 25 a mumzindamo. Matupi a osewera 6 sanazindikirike, motero anaikidwa malo amodzi kumanda a Spring Hill.

Ena anaganiza kuti mpira ungosiyidwa basi. Ndani akanawadzudzula? Komabe akuluakulu a sukulu analemba nchito Jack Lengyel, mphunzitsi wocokera ku koleji yaing'ono ya Wooster. Womuthandiza wina anali Red Dawson, amene anapulumuka cifukwa tsiku lija anabwerera pa galimoto.

Vuto linali osewera. Nthawi imeneyo lamulo linali kuletsa ophunzira a caka coyamba kusewera mu timu yaikulu. Bungwe loyang'anira masewera a makoleji, NCAA, linawamvera cifundo n'kuwalola. Lengyel anasonkhanitsa ana amenewa, pamodzi ndi ocepa amene anatsala kunyumba tsiku la ngozi, natolanso ena ku masewera ena.

Masewero oyamba a 1971 anagonja 29-6 kwa Morehead State. Kenaka pa 25 Seputembala anasewera pakwao kwa nthawi yoyamba cicitikire ngozi, ndi timu ya Xavier. Pamphindi yotsiriza yeniyeni Marshall inali kumbuyo. Reggie Oliver anaponyera mpira Terry Gardner, iye n'kuthamanga nao mpaka kudutsa mzere. Anapambana 15-13. Taganizani mzinda umene miyezi 10 yapitayo unali kuika maliro tsiku ndi tsiku!

Filimu ya We Are Marshall, ya mu 2006, inachukitsa tsiku limeneli. Kwa ine zolemera kwambiri ndi zimene zinatsatira. Sabata yotsatira anawakwapula 66-6 a Miami ya ku Ohio. Caka conse anapambana kawiri kokha, nagonja ka 8. Pa zaka zinai za Lengyel anapambana ka 9, nagonja ka 33. Anawo ankalowabe m'bwalo akudziwa kuti anzao ndi aakulu ndi amphamvu kuwaposa. Mpaka mu 1984 ndi pamene Marshall inatha caka itapambana kambiri kuposa kugonja, ndipo cikho ca dziko m'gulu lao anacitenga mu 1992 ndi mu 1996.

Ife tinali ndi Kalusha Bwalya, amene sanakwere ndeke ija, komanso amuna okhwima m'matimu a m'dziko muno. Ndiye cifukwa cake caka cisanathe tinafika pa masewero otsiriza a cikho ca Africa mu 1994, ngakhale Nigeria inatigonjetsa 2-1. Marshall inalibe nkhokwe yotero. Inayenera kudikira kuti ana akule.

Pabwalo la yunivesite pali kasupe wa cikumbutso amene anakhazikitsidwa mu 1972. Caka ciliconse pa 14 Novembala anthu amasonkhana, maina 75 aja amawerengedwa, ndipo madzi amatsekedwa mpaka nyengo yozizira itatha.