Chinsinsi cha Mtsuko wa Masau

M'nyengo yachisanu masau akapsa m'chigwa cha mtsinje wa Shire, amai a ku Chikwawa ndi Nsanje amatola zipatsozi ndi kuziyanika padzuŵa. Ena amaviika masauwo m'madzi, ndipo pakapita masiku angapo mtsuko umayamba kuchita thovu. Palibe amene wathiramo yisiti wa kusitolo. Nanga choŵiritsacho chachokera kuti?

Yankho lili pa khungu la chipatsocho. Pamenepo pamakhala tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti wa m'tchire, timene timadya shuga ndi kutulutsa moŵa ndi mpweya. M'chaka cha 2007 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atapima masau a ku Muzarabani, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe. M'masau oŵirawo munali mitundu ingapo ya yisiti, kuphatikizapo Saccharomyces cerevisiae, yemwe amafufumitsanso buledi. Munalinso mabakiteriya oŵaŵasitsa, a gulu lomwe lija limene limasasitsa mkaka kukhala chambiko.

Kukhalira limodzi kwa aŵiriŵa nkwakalekale, ndipo kunasiya chizindikiro. Chamoyo chilichonse chili ndi timalangizo ta chibadwa tolembedwa mu DNA. Mwana wa mbuzi amalandira timalangizoti kwa make ndi atate ake basi. Koma tizamoyo tating'ono nthaŵi zina timatenga kachidutswa ka DNA kwa mnansi amene sali mbale wake nkomwe, ndipo kachidutswako kakakhala kothandiza, ana ndi adzukulu amakasunga.

Pansi pa mtsuko woŵira mulibe mpweya wa okosijeni, ndipo mitundu yambiri ya yisiti imalephera kuswana m'malo otere. Saccharomyces amatha. M'zaka za 2004 ndi 2005 akatswiri anaonetsa chimodzi mwa zifukwa zake: makolo ake, zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, anatenga kalangizo kotchedwa URA1 kuchokera kwa mabakiteriya oŵaŵasitsa aja. Kalangizoka kamamuthandiza kupanga chimodzi mwa zomangira thupi lake popanda okosijeni.

Kutengaku sikunathere m'nthaŵi zamakedzana. M'chaka cha 2009 akatswiri a ku France anaŵerenga DNA yonse ya yisiti wopangira vinyo wotchedwa EC1118. Anapezamo zigawo zitatu zachilendo zokhala ndi timalangizo 34. Chigawo chimodzi chinachokera kwa yisiti wina amene opanga vinyo amadana naye chifukwa amaononga vinyoyo. Tina mwa timalangizo tachilendoti timathandiza yisitiyu kuyamwa shuga wa m'zipatso ndi zakudya zina zimene anzake amazisiya.

Kodi nkhani yotere ili ndi phindu lanji kwa anthu a m'chigwa? Ku Nchalo kuli minda yaikulu ya nzimbe ndi fakitale ya shuga. Madzi akuda otsala popanga shuga amapita ku kampani ya PressCane m'boma lomwelo la Chikwawa, imene kuyambira 2004 imaŵiritsa madziwo ndi kutcheza ethanol wosakaniza ndi petulo. Ntchito yoŵiritsayo imagwiridwa ndi yisiti, ndipo mdani wamkulu wa yisiti ndi kutentha. Pamene m'miyezi ya October ndi November kutentha m'chigwa kumapitirira madigiri 40, yisiti wamba amafooka. Koma mtundu wina wopezeka m'masau oŵira, Pichia kudriavzevii, umadziŵika kuti umapirira kutentha kotere, ndipo akatswiri m'maiko otentha amauyesa kuti aone ngati ungagwire ntchito m'mafakitale.

Chotero mtengo wa masau uli ndi chuma choposa zipatso zimene ana amagulitsa m'mbali mwa mseu wa ku Bangula. Pa zipatsozo pali tizamoyo tozoloŵera dzuŵa la m'chigwa, tokhala pamodzi ndi anansi amene tingathe kupatsana nawo luso. Wodula mtengowo kuti aotche makala amapeza matumba oŵerengeka, koma amaononga ndi mudzi wa tizamoyoti.