Kantchentche Kakuda ka Simulium thyolense: Maonekedwe Ake, Mtundu Wake ndi Matenda Amene Kamafalitsa

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa anthu a ku Chilomoni ndi madera ozungulira phiri la Michiru, makamaka alimi a m'madimba ndi amalonda amene amakapikula katundu ku Bvumbwe ndi madera ena a m'boma la Thyolo, za kantchentche kakuda kamene kamafalitsa matenda a onchocerciasis. Boma la Blantyre ndi limodzi mwa maboma 8 m'mene matendawa amapezeka. Ena ndi Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa, Mwanza ndi Neno.

Kantchentcheka ndi kakang'ono kwambiri, kotalika mamilimita osapitirira 5. Msana wake ndi wotumphuka ngati linunda, tinyanga take ndi tatifupi, ndipo kali ndi mapiko awiri otambalala, oonekera mkati. Kakakazi kokha ndi kamene kamaluma, ndipo kamaluma masana. Sikabaya ngati udzudzu. Kamacheka khungu n'kumamwa magazi amene akutuluka.

Mosiyananso ndi udzudzu, kantchentcheka sikaswana m'madzi odikha. Kamaikira mazira pamiyala ndi pamasamba m'mitsinje ya madzi othamanga. Mphutsi zake zimagwira mwala ndi timbedza ta kumchira, ndipo kumutu zili ndi tinthu tonga malichero timene zimasefera chakudya m'madzi.

Akatswiri amaika kantchentcheka m'gulu la Diptera, lomwe ndi la tizilombo ta mapiko awiri, m'banja la Simuliidae ndi mumtundu wa Simulium. Kwa zaka zambiri, kamene kamaluma anthu ku Thyolo kankangotchedwa Simulium damnosum, dzina limene likuimira mitundu yambiri yofanana kwambiri moti maso sangaisiyanitse. M'chaka cha 2000, katswiri wina dzina lake Vajime ndi anzake atapima ma chromosome a m'tiziwalo ta malovu ta mphutsi zake, analengeza kuti ndi mtundu watsopano, ndipo anautcha Simulium thyolense potengera dzina la bomalo. Kudziwa mtundu weniweni n'kofunika chifukwa m'gulu la damnosum muli mitundu ina imene siluma anthu, choncho ntchito yolimbana ndi matenda imalunjika pa mtundu woyenera.

Achibale apafupi a kantchentcheka ndi a m'banja la Thaumaleidae, amene mphutsi zake zimakhala pamatanthwe pamene madzi amangonyowetsa mwala. Mu Africa, mtundu wa Afrothaumalea unalembedwa koyamba ku South Africa m'chaka cha 1960. Amenewa saluma munthu. Nkhungu za ku nyanja ya Malawi, zimene anthu amadya, nazonso ndi za banja lina ndipo sizifalitsa matendawa.

Kantchentche kakuda kakaluma munthu wodwala, kamatenga tiana ta nyongolotsi yotchedwa Onchocerca volvulus, timene timakula m'thupi mwake n'kukalowa mwa munthu wina. Wodwala amamva kuyabwa kosalekeza, amatuluka timibulu tolimba pansi pa khungu, khungu limakhakhala kapena kuchita mawanga, ndipo ena amasiya kuona. Mlimi wokanda usiku wonse sangalime bwino m'mawa.

Mankhwala ake ndi ivermectin, odziwika ndi dzina loti Mectizan, amene kampani ya Merck yakhala ikupereka kwaulere kuyambira 1987. Mankhwalawa amapha tiana ta nyongolotsi koma sapha nyongolotsi zikuluzikulu, zomwe zimakhala m'thupi mpaka zaka 15. N'chifukwa chake amayenera kumwedwa chaka ndi chaka, ngakhale munthu akudziona kuti ali bwino. Mlingo umayezedwa potengera msinkhu wa munthu. Ana osakwana masentimita 90, amayi oyembekezera, amayi amene sanathe sabata chiberekereni ndi anthu odwala kwambiri sapatsidwa mankhwalawa.

Matendawa akhoza kutheratu. Mu Januwale 2025, bungwe la World Health Organization linatsimikizira kuti dziko la Niger lakhala loyamba mu Africa kuwathetsa.

Unduna ukupempha anthu onse kuti azivala zovala zobisa mikono ndi miyendo pogwira ntchito m'mbali mwa mitsinje, azilandira mankhwala pamene alangizi a zaumoyo akugawa m'dera lawo, ndiponso azipita kuchipatala msanga akaona zizindikiro zimene zatchulidwazi. Mankhwalawa ndi aulere ndipo palibe amene akuloledwa kuwagulitsa.