Makina Oyesa Bodza ndi Mlandu wa Wochotsedwa Ntchito

Mwa ana a ku Majaua amene amatsikira ku Joni kukalonda nyumba za eni chuma kapena kukasenza katundu m'masitolo, alipo amene abwerera kumudzi chimanjamanja, atachotsedwa ntchito pa mlandu wakuba, umboni wake wonse uli wakuti makina anawagwira bodza. Makinawo, otchedwa polygraph, amene John Larson anayamba kuyesera anthu ku Berkeley mu 1921, sapenya za mumtima, pakuti woyesa mitima ndi Mulungu yekha. Iwo amangolemba kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi thukuta la m'zala, ndipo mlendo wosalakwa, wonjenjemera chifukwa chiphaso chake chinatha, amatuluka thukuta lomwelo limene ituluka mbala. Ndi mwavi wa masiku ano, ngakhale mwavi weniweni boma la Nyasaland linauletsa kale mu 1911.

Ku South Africa munthu sayesedwa popanda kuvomera, ngakhale ambiri anavomereratu osadziwa tsiku lija anasaina pepala lolowera ntchito. Komabe khoti la apilo la milandu ya ntchito, pa mlandu wa DHL Supply Chain ndi De Beer mu 2014, linagamula kuti kulephera pa makinawo pakokha sikutsutsa munthu, ndipo bwana ayenera kudza ndi umboni wina.

Pogona nkhani ndi apa. Akuluakulu amati mlandu suola, koma ku bwalo la CCMA, kumene wochotsedwa ntchito amakadandaula, umaola pakatha masiku 30 chichotsedwere ntchito. M'masiku amenewo alembe fomu ya 7.11, apereke kope lake kwa bwana, nasunge chizindikiro chakuti bwanayo walandira. Wofika wopanda chizindikirocho akhoza kubwezedwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amazimva zimenezi atafika kale pa zenera la mlembi, ndalama ya minibasi itapita. Bwalolo sililipiritsa kanthu, choncho aliyense wofuna ndalama ya fomu akudyerani masuku pamutu. Wopanda chilolezo chogwirira ntchito asaope kudandaula, chifukwa pa mlandu wa Discovery Health mu 2008 khoti linati nayenso ndi wantchito pamaso pa lamulo.

Wochedwa amaloledwa kupempha kuti amveredwe, atalongosola chimene chinamchedwetsa, koma amene anathamangira basi yobwerera kwawo ya ku Milange, kapena anasaina pepala lakuti wasiya ntchito mwa kufuna kwake pofuna kulandira malipiro a mwezi umenewo, adzavutika kwambiri kuutsitsimutsa mlandu wake ali kumudzi.