Nyumba ya Mabuku ya Lubuto

M'caka ca 2007 anatsegula nyumba ya mabuku ku Kamwala, mu Lusaka, kuti ana osowa, ngakhale ogona m'miseu, azilowamo kwaulere. Dzina lake ndi Lubuto, ndilo liu la Cibemba lotanthauza kuwala.

Koma buku lipindulanji kwa mwana wosadziwa kuwerenga? Ambiri a ana aja sanapite kusukulu. Cifukwa cake aphunzitsi, pothandizana ndi anyamata ndi atsikana, anakonza maphunziro 700 a kuwerenga naaika m'makompyuta aang'ono. Cinenero ciri conse cinalandira maphunziro 100: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Motero mwana anayamba ndi cinenero ca amai ake, ndipo akalakwa anali kubwereza phunzirolo yekha kufikira atalidziwa, popanda womseka.